Mtima wa Likongwe M'nkhata ya Nsato

Padangokhala, padangotero. Mwati tili tonse? Chabwino, senderani kuno. Amene ali ndi mtima wofulumira augwiriretu, chifukwa nthano iyi si yoseketsa.

Kudali Likongwe, ndipo adali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Naliyera. Mkazi wake adamwalira, ana ena anayi n'kutsatira mayi wawo. Likongweyu adali kamberembere wotheratu, wakuba, wabodza losaphethira nalo diso. Koma pa mwana ameneyu ayi ndithu, ankamukonda kuposa khungu lake lomwe.

Dzikolo ankalamulira ndi Mfumukazi Nang'omba, amene ankaikira dzira limodzi lokha pa chaka, mvula yoyamba ikagwa. Ndipo milandu yonse ankaweruza ndi Nsato. Ine Nsato ameneyu sindimufuna, ndineneretu. Sankaitana mboni, sankalonda mapazi. Ankayembekeza dzuwa lifike paliwombo, chithunzithunzi chikabisala kunsi kwa mapazi, n'kudzipinda nkhata pakati pa bwalo. Aliyense wamkulu ankalowa m'nkhatamo mmodzimmodzi. Ana osavinidwa okha ndiwo sankalowa, poti mwana alibe mlandu.

Ukalowa, Nsato ankakukulunga pachifuwa, thupi lake lozizira ngati mtsuko wa madzi, n'kukufunsa mafunso atatu ndi mawu apansipansi. Loyamba dzina lako. Lachiwiri dzina la amayi ako. Awiriwa adali ongomvera mayendedwe a mtima wako ukamanena zoona. Lachitatu ndiye la mlandu. Mtima ukadumpha pa lachitatu, nkhata inkathina, ndipo sunkatulukamo. Otsala pamzere ankabwerera kwawo, mlandu watha.

Padalinso nyimbo yake. Wotsogolera ankaitana mtima ngati akuitana mwana, kuuchonderera kuti uyende pang'onopang'ono monga wosenza madzi odzaza. Gulu linkavomera ndi mawu awiri okha, osawomba m'manja, osaponda pansi. Inkayamba mokweza, n'kumatsika, n'kumatsika, mpaka pa funso lachitatu aliyense adali atatseka pakamwa, akungong'ung'udza m'mphuno.

Chaka china kudagwa njala, Naliyera n'kudwala mpaka nthiti kuwerengeka. Likongwe adakwawa masana, alonda akuwodzera ndi njala, natenga dzira la Mfumukazi, nakamumwetsa mwana wake. Adamuuza kuti ndi la nkhanga. Mwana adadzuka.

M'mawa mwake lipenga lidalira: akulu onse ku bwalo.

Likongwe adali ataonerera milandu yambiri, ndipo adali atazindikira chimene anzake sadachione. Nsato samva bodza. Iye amangoyerekeza kugunda kwa pa funso lachitatu ndi kwa pa awiri oyamba aja. Basi adathyola munga wa mthethe, naubisa pakati pa zala za phazi.

"Ndiyambe ndine!" adafuula. "Wosalakwa sazengereza."

Nyimbo idayamba. Nkhata idamuzinga.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

Likongwe adaponda munga uja. Ululu udathamangira kumutu, mtima n'kuyamba phaphapha. "Likongwe, gogo."

"Amayi ako ndani?"

Adapondanso. "Nankhoma, gogo, malemu."

"Dzira waba ndiwe?"

Adatukula phazi. Ululu udaleka, mtima n'kutsika myaa. "Ayi."

"Ha," adatero Nsato. "Uyu mtima wake wapumula pa funso la mlandu. Tuluka."

Wotsatira adali Gwape, mthenga wa Mfumukazi. Inu mukumudziwa Gwape, tsamba likangogwa iye ali kutsidya. Dzina adatchula bwino, la amayi ake adatchula bwino. Koma nyimbo itatsikira m'mphuno, bwalo lonse litati zii, adangomva mawu akuti dzira, mtima n'kulumpha ngati ukufuna kutulukira kukamwa.

"Ayi, gogo! Ine mazira sindidya n'komwe! Ndimadya masamba!"

"Pakamwa pakana," adatero Nsato, "koma mtima wavomera."

Nkhata idathina. Padamveka kuthyoka ngati nkhuni zouma. Anthu adayang'ana pansi, koma nyimbo sadaileke, chifukwa mwambo unkati iziimbidwa mpaka miyendo italowa m'kamwa mwa Nsato. Likongwe adaimba nawo. Mawu ake adamveka bwino kwambiri moti Mfumukazi adamusankha kukhala wotsogolera nyimbo.

Tsono apa ndi pamene ine amandikwiyitsa. Chaka choyamba tinene kuti idali njala. Nanga chachiwiri? Nkhokwe zidali zodzaza, mwana adali atanenepa. Koma Likongwe adali atanyambita chala tsiku lija, ndipo kukoma kwake kudamukhala pa lilime chaka chathunthu. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mvula idagwa, dzira lidaikiridwa, dzira lidasowa.

Mfumukazi adaitana Nsato. "Agogo, wakuba uja simudammeza chaka chatha? Nanga uyu ndi wakuti?"

"Akuba ndi ambiri, Mayi," adayankha Nsato. "Ine ndilipo."

Koma Nsatoyo adali ataona kadontho ka magazi pa bwalo chaka chija, ngakhale sadadziwe kuti n'ka yani. Adalengeza kuti aliyense asanalowe, ayamba wamunyambita kumapazi.

Likongwe atamva adangoseka. Adapita kumtsinje, nakumba katupe, uja asodzi amaledzeretsa naye nsomba, natafuna kachidutswa kochepa ngati njere ya mapira. Pofika pa bwalo, mtima wake unkayenda ngati nkhalamba yokwera chitunda.

"Ndiyambe ndine!"

Adayambitsa yekha nyimbo, naisiyira gulu, nalowa. Nsato adamunyambita phazi lililonse, osapeza kanthu, namukulunga.

Apa ndiye padachitika chinthu. Ali m'nkhatamo, khutu litatsamira pa mimba ya Nsato, Likongwe adamva kanthu kakugunda m'katimo. Sudali mtima wa Nsato, uja umagunda mwa apo ndi apo. Kadali kamtima kakang'ono, kofulumira, ka mantha. Adakazindikira. Kadali ka Gwape.

"Wamva?" adanong'ona Nsato. "Nyama imasungunuka, mafupa amasungunuka. Koma mitima imatsala. Dzina lako ndani, mwanawe?"

Ubweya udamuimirira msana wonse, koma katupe adagwira ntchito yake. Dzina, mtima phee. Amayi, mtima phee. Dzira, ayi, mtima phee.

"Tuluka."

Tsiku limenelo amene adathinidwa adali Nkhwali, mlezi wa dzira. Iyeyo adali atalira usiku wonse poti dzira lidasowa m'manja mwake, ndiye mtima ukadakhala bwanji pansi? Adafa akutchula ana ake mayina. Likongwe adatsogolera nyimbo mpaka nthenga yomaliza, kenaka adakagona masiku awiri ndi katupe uja. Atadzuka adapeza amukweza, tsopano ndi nduna ya kudzanja lamanja. Kudziko konse ankati ukafuna kuona chilungamo, kaone a Likongwe.

Nsato adalengezanso: "Tsiku lija pa bwalo padanunkha katupe. Mlandu ukadzabweranso, onse adzagona pa bwalo pano osadya, ndipo ndidzanunkhiza pakamwa pa aliyense."

Munthu wanzeru akadalekera pomwepo. Koma Likongwe, dzira silinkamukomeranso kwenikweni. Chinkamukomera tsopano ndi kutuluka m'nkhata muja anthu akumuwombera m'manja. Adakhala pansi naganiza: munga waletsedwa, mankhwala aletsedwa, chatsala ndi mtima weniweniwo. Galu amaphunzira, nanga mtima ungakanike?

Adadula chilambe chachitali, naitana mwana wake.

"Naliyera, bwera tisewere. Iwe ukhale Nsato. Undikulunge ichi pachifuwa, uthinitse, uike dzanja apa, undifunse mafunso atatu aja."

Mtsikana adaseka, namukulunga. Adatsitsa mawu ngati a Nsato. "Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Likongwe."

"Amayi ako ndani?"

"Nankhoma."

"Dzira waba ndiwe?"

"Ayi."

"Wagunda, atate!" adatero akuseka. "Mukadafa!"

"Bwerezanso."

Adabwereza tsiku limenelo, mawa lake, mkuja wake. Pokolola ankasewera, popsa tchire ankasewera. Tsiku lililonse yankho lidali lomwelo: wagunda, atate. Koma kuseka kuja kudayamba kuchepa. Tsiku lina Naliyera adachotsa dzanja, nayang'ana bambo ake m'maso.

"Atate, munthu wosaba amaphunziriranji kukana?"

"Ndi masewera chabe, mayi wanga."

"Dzira lija mudandimwetsa ndikudwala lidali lalikulu. Nkhanga siikira lotero."

"Funsa mafunso, usiye zambiri."

Mtsikana adabweza dzanja pachifuwa pa bambo ake, nafunsa. Likongwe maganizo ake onse adali pa mtima wake.

M'chilimwe chomwecho Naliyera adatha msinkhu, ndipo adavinidwa pamodzi ndi anzake. Likongwe, monga nduna, adafulula mowa mbiya khumi, naitana ng'oma za kutali, navina mpaka kugwa. Adanyadira kuti mwana wake tsopano ndi wamkulu. Mwamva bwino pamenepo? Wamkulu. Mowa adafulula yekha, koma tanthauzo lake silidamulowe m'mutu.

Mitambo itayamba kusonkhana, adasewera komaliza. Dzina. Amayi. Dzira. Ayi.

Naliyera adakhala nthawi yaitali dzanja lili pomwepo. Kenaka adati chapansipansi, "Sunagunde, atate."

"Bwereza!"

Adabwereza kakhumi, ndipo kakhumi konse mtima udali phee. Udali utamva ayi kambirimbiri mpaka udaleka kutsutsa. Likongwe adadumphadumpha ndi chimwemwe. Mwana wake adapita kuseri kwa nyumba, nakalira.

Mvula idagwa, dzira lidaikiridwa, dzira lidasowa.

Akulu onse adagona pa bwalo osadya. Amuna mbali yawo, akazi mbali yawo, monga mwa mwambo. Dzuwa litafika paliwombo, Nsato adadzipinda.

"Ndiyambe ndine!"

Adamunyambita mapazi, adamununkhiza pakamwa, namukulunga. M'mimba muja tsopano munkagunda mitima iwiri, wina wofulumira, wina wodukizadukiza ngati wa munthu wosisima. Likongwe adaimva yonse, koma wake sudasunthe. Mafunso atatu adadutsa ngati madzi.

"Mtima uwu," adatero Nsato, "ngakhale wa maliro suli chete chotere. Tuluka, nduna."

Adatuluka akumwetulira, nakaima pamalo pake, nakweza nyimbo. Adaitana mtima, gulu lidavomera. Adatembenuka kuti aone amene akubwera kumbali ya akazi, nyimbo n'kumuthera pakhosi.

Adali Naliyera, mutu wometa wa chinamwali usanamere bwino.

"Iyayi! Uyo ndi mwana! Ana salowa!"

"Mwana uti, nduna?" adafunsa Mfumukazi. "Si uyu tidamwera mowa wake mwezi watha?"

Anthu adaseka pang'ono, poganiza kuti ndi mantha a kholo. Wina adatola nyimbo ija naipitiriza. Nkhata idamuzinga mtsikana.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Naliyera, gogo."

"Amayi ako ndani?"

"Nangozo, gogo, malemu."

Nyimbo idatsikira m'mphuno.

"Dzira waba ndiwe?"

Funso limenelo iye adali atalifunsa chaka chathunthu, ndipo yankho lake lenileni ankalidziwa. Maso ake adathawira kwa bambo ake. "Ayi," adatero, ndipo chidali choonadi. Koma mtima udagunda moti ngakhale a kumapeto kwa bwalo adaona nkhata ikututuma.

"Pakamwa pakana," adayamba Nsato.

"Ndine!" Likongwe adadzigwetsa pakati pa bwalo. "Mayi, ndine! Mazira onse atatu ndidaba ndine! Gwape adafera ine, Nkhwali adafera ine! Msiyeni mwanayo!"

Mfumukazi adatembenukira kwa Nsato. "Agogo, muyeseni."

Nsato ndi wamtali, paja. Kumchira adagwira mwana, kukhosi n'kukulunga bambo, awiriwo n'kumayang'anana.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Likongwe." Mtima wophunzitsidwa uja udangomva funso lozolowera, n'kugona pansi ngati galu.

"Amayi ako ndani?"

"Nankhoma." Phee.

"Dzira waba ndiwe?"

"Ndine!"

Mayo ine! Mawu amenewo mtima sudawaphunzirepo. Udadzidzimuka, udalumpha, udamenya nthiti ngati ng'oma.

"Bodza," adatero Nsato.

"Si bodza! Onani chipsera cha munga kuphazi kuno! Katupe uja adanunkha ndi ine! Zikamba za mazira zili pansi pa mtondo kwathu, kakumbeni!"

"Kwanuko mtsikanayu sakhalako?" adafunsa Nsato. "Chipsera aliyense ali nacho. Ine sindimva za pakamwa, nduna, ndimamva mtima. Katatu konse wakana uli chete. Lero wavomera ukuthawa. Ndiye woona ndi uti?"

"Agogo," adatero Mfumukazi mozengereza, "bwanji ngati akunena zoona?"

"Ngati akunena zoona, Mayi, ndiye kuti Gwape adafa wosalakwa, Nkhwali adafa wosalakwa, ndipo nonsenu mudaimba."

Palibe adakweza mutu. Ndikuuzeni, pa bwalo lonse lija padalibe ndi mmodzi yemwe wofuna kuti Likongwe akhale woona. Kunamizidwa kudali kopepuka kusiyana ndi kusenza maliro awiri. Mawu adayamba kumveka uku ndi uku: "Kholo ndi kholo." "Akufuna kufera mwana, wachisoni." "Munthu wolungama ngati uyu angabe?"

"Mufunseninso kamodzi," adatero Mfumukazi.

Nsato adasendeza mutu wake pakhutu pa Likongwe. Sadafulumire. Adathinitsa pang'ono, monga chilambe chija chinkathinira, natsitsa mawu, monga mwana uja ankatsitsira. Dzina. Likongwe adayankha. Amayi. Adayankha. Adaluma mano, kukonzekera kunena kuti ndine, ndine, ndine.

"Dzira waba ndiwe?"

"Ayi."

Lidatuluka lokha. Lilime lidayenda njira imene lidayendamo chaka chonse, mwini wake asanaligwire. Ndipo mtima udali phee.

Naliyera adali pafupi, thupi la Nsato lomwelo lidawalumikiza, moti adaumva. Adayang'ana bambo ake, osakwiya, osalira.

"Sunagunde, atate," adatero.

Nsato adamasula Likongwe, namuika pambali mosamala ngati dzira. "Bodza la chikondi sitiphera munthu. Pita, nduna." Kenaka nkhata ya kumchira idathina.

Nyimbo idaimbidwa, poti mwambo ndi mwambo. Idaitana mtima kuti uyende pang'onopang'ono, gulu n'kumavomera mawu awiri aja. Amuna anayi adamugwira Likongwe, akumusisita pamsana, akumuuza kuti alimbe mtima.

Adakhala moyo nthawi yaitali, ndipo unduna sadamulande. Ankayenda khomo ndi khomo kunena kuti wakuba ndi iye. Anthu ankamupatsa mpando, kumupatsa madzi, akachoka n'kumapukusa mitu kuti chisoni chawasokoneza a nduna. Dzira la chaka chotsatira silidasowe, lidaswa bwinobwino, ndipo anthu adati, mwaona, wakuba adalidi mtsikana uja.

Tsiku lina masana adapeza Nsato atatambalala pa bwalo, akuwothera dzuwa, ali m'tulo. Adanyang'ama, naika khutu pa mimba ija. Wofulumira uja udalipo. Wodukizadukiza uja udalipo. Ndipo pansi pa iwiriyo padali wachitatu, umene ankaudziwa kuyambira tsiku limene adaunyamula m'manja uli wakhanda. Unkagundabe mwa mantha, monga udagundira pomuyang'ana iye.

Nsato adatsegula diso limodzi. "Wamva, mwanawe? Mitima imatsala."

Likongwe adamulumphira pakhosi. Koma Nsato ndi wamkulu, adangomukutumula, nalowa kuphanga kwake ndi mitima yake itatu.

N'chifukwa chake mpaka lero likongwe akaona njoka salingalira kawiri, kaya ndi yaing'ono kaya ndi mamba. Amailuma pakhosi, n'kuing'amba pamimba. Inu mumati akufuna nyama. Mukadzamuona, mudzayang'anitsitse: asanadye amayamba waima chilili, khutu atapendeketsa, kumvetsera.

Yathera pompa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akafukule, ine njala yandithawa.